Poyera Pansi pa Mabwinja

M'bandakucha, mbalame za kunyanja zisanayambe kulongolola pamadenga, Mayi Enid Cammish amakhala atathira kale tiyi m'fulasiki. Amavala chijasi cha malemu amuna awo, kupanira thabwa lojambulira m'khwapa, n'kutsetserekera ku doko la Skarwick. Malo awo ndi pakhoma lotchinga mafunde. Pamenepo pamaoneka polowera maboti, ndipo pamwamba pa thanthwe pamaoneka mabwinja a tchalitchi cha amonke, khoma limodzi ndi zenera lopanda galasi. Amayamba apemphera mwachidule, kenaka amanyowetsa pepala kuti utoto uziyenda wokha.

Chimene amadzera ndi nkhungu. Kukacha kowala amalongedza n'kubwerera, amati tsiku lotere chilichonse chimadzionetsa chokha. Asodzi amawaseka kuti zithunzi zawo zili ngati zenera la kukhitchini mbatata zikuwira, koma aliyense ali nacho chake pabalaza.

Lamulo la Mayi Enid ndi limodzi: boti amalijambula likubwera, mphuno italoza kumtunda. Ku Skarwick amati boti lojambulidwa likuchoka silibwerera. Mayi Enid amati zimenezo si zachikhristu, moyo uli m'manja mwa Mulungu, ndipo amanena osanjenjemera. Lamulolo amalisunga chifukwa cha mlongo wawo, a Wilf. Ali mtsikana wa sukulu, Mayi Enid anajambula boti la bambo awo likutuluka padoko, aphunzitsi n'kupachika chithunzicho m'kalasi. M'nyengo yozizira yomweyo botilo linapita osabwerera. A Wilf, ali mnyamata, anakalowa m'kalasimo n'kuchotsa chithunzicho. Kumene anachiika sananene, ndipo nkhaniyo sinatulukenso pakamwa pawo.

A Wilf anakula n'kukhala msodzi wa nkhanu. Boti lawo labuluu analitcha Hilda, dzina la mayi awo, ndipo padoko lonse ndi lokhalo limene Mayi Enid sanalijambulepo. Awiriwa si adani ayi. Loweruka a Wilf amasiya nkhanu pakhomo pa mlongo wawoyo, Lamulungu amadzadya nyama yowotcha, ndipo m'mawa akamadutsa pakhoma paja salephera kuponya mawu.

"Iwe Enid, lero wajambulanso phala?"

"Phala lomwelo, nkhalamba iwe. Boti lako lingakomemo, dzimbiri silingaoneke."

"Lisiye boti langa."

Chaka chatha mawondo a Wilf anakana ntchito, ndipo anagwirizana ndi munthu wa kumpoto kuti adzagule botilo n'kulitenga nyengo ya nkhanu ikatha. Mayi Enid atamva, anadikira Lamulungu, mbale zili patebulo.

"Wilf, undilole ndijambule Hilda akubwera kunyumba. Kamodzi kokha."

A Wilf anayang'ana m'mbale, napempha kuti awapatsire msuzi.

Mayi Enid akanatha kulijambula mobisa, pakuti linkadutsa pamaso pawo m'mawa uliwonse. Koma amati chithunzi chobedwa sichikhala bwino pakhoma. Anatenga pepala lalikulu n'kujambula zonse zimene sizifuna chilolezo: mabwinja ataphimbika theka, zenera lija likudontha kuwala, madzi otuwa a pakhomo la doko. Pansi pa thanthwe anasiyapo poyera, saizi ya chikhato, malo a Hilda. Pa utoto wamadzi, poyera ndi pepala lenilenilo, ukangopakapo sipabwereranso. Choncho ankazungulira malowo ndi burashi mosamala, nkhungu yonse ikuthera m'mphepete mwake.

Tsiku lotenga boti linafika yankho lisanabwere. Analikweza pa lole, ndipo Hilda anatuluka m'Skarwick pamsewu, chammbuyo. A Wilf anaima pataliko manja m'thumba. Mayi Enid analipo, koma thabwa lojambulira analisiya kunyumba.

Chithunzicho chili m'chipinda chodyera, moyang'anizana ndi mpando wa a Wilf. Mlendo wina anafuna kuchigula, ati poyerapo ndi luso lozama. Mayi Enid anamuuza kuti sichinathe. Abusa atadzacheza anafunsa ngati sizikuwapweteka mtima kuchiona chotero. Anayankha kuti ayi, botilo amalidziwa thabwa lililonse, ngakhale pamene penti inasupuka, ndipo utoto wabuluu anausunga padera m'kabati. Chotsala ndi mawu a Wilf basi, ndipo munthu amene amadikira nkhungu m'mawa uliwonse satopa kudikira mlongo wake.

Lamulungu lapitali a Wilf anayang'ana poyerapo nthawi yaitali, foloko ili m'mwamba.

"Pachepa pamenepo. Hilda ndi wamtali."

"Wamtali akaima chopingasa. Akamabwera amakwana."

A Wilf anangoti "hmm" n'kupitiriza kudya. Mayi Enid sanabwereze pempho lawo. Ananena kamodzi, a Wilf anamva, ndipo mpaka lero sanayankhe ngati awalola kujambula Hilda akubwera kunyumba.