Botolo la Uchi la Anjuchi

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mkulu wina amene tonse timangowatchula kuti Anjuchi. Sakonda zocheza, ndipo ukawafunsa kuti adzuka bwanji amayankha kuti, "Ine ndilipo, mitengo ndiyo kulibe."

M'mawa uliwonse amatsetsereka ndi ndodo yawo mpaka kukhwawa kumene kale kunali nkhalango, n'kukaima pakati pa zitsa. Chitsa chilichonse amachidziwa. Apa panali mkuyu umene anyani ankachezerapo, apo panali mbawa imene iwo anapachikamo ming'oma isanu. Nkhwali, agwape ndi njuchi zawo zomwe zinathawa chaka chimene mudzi wonse unagwirizana zodula mitengoyo kuti uwotchere njerwa. Anakana ndi iwo okha, ndipo anthu anawaseka kuti nkhalambayi ikufuna kukwatira mitengo.

Mwezi watha kunabwera mkamwini wawo, yemwe anagwetsa mbawa ija ndi manja ake. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Mwana wake anali atadwala chifuwa chouma kwa milungu iwiri.

"Bambo, mwina munasungako kauchi pang'ono?"

Mkuluyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo limene uchi wake unali utangotsalira pansi, wakuda bii.

"Kam'patseni mdzukulu wangayo."

"Zikomo kwambiri, bambo. Ukatha ndidzabweranso."

"Musadzavutike, akamwini," anatero mkuluyo akubweza chitseko. "Ndi womaliza umenewo. Ndinaufula tsiku limene inu munkanola nkhwangwa."