A Mainesi Anapita ndi Ankhoswe kwa Loya

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamvetse pa a Mainesi, ngakhale tinapemphera tchalitchi chimodzi ku Bertrams, kuno ku Joni, zaka zambiri. Munthu akamathetsa banja amafuna loya waukali, woti akam'finye mnzakeyo. Iwo anakana maloya awiri, ndipo wachiwiriyo anamukana chifukwa cha ukali womwewo. Ndingofotokoza mmene zinayendera.

A Mainesi anali a ku Dedza, mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mwana yekha m'nyumba. Anafika ku Joni mu 2008, napeza ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, kwa azungu awiri okalamba. Sindinena kuti analibe chilema. Anali aliuma, ankachedwa ku mapemphero, ndipo kwaya ikaphonya nyimbo sankabisa nkhope. Koma ntchito ankaidziwa, ndipo pa nyumba imodziyo anakhalapo zaka zonse.

Mwamuna wawo anali Obert, wobadwira pa mgodi wina ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Malawi. Ankanyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Marlboro. Popeza onse analibe abale ku Joni, ankhoswe anachita kubwereka mu mpingo. A Mainesi anatenga a Aloysius, nkhalamba imene inathera unyamata wake m'migodi, ndipo Obert anatenga a Mose, telala wa pa msewu womwewo. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, kalata yake inalembedwa, ndipo chaka chotsatira kunabadwa mwana wamkazi, Shalom.

Patapita zaka zisanu, Obert anayamba kugona kufupi ndi kuntchito, ati mateksi akuvuta. Kenaka zinadziwika kuti vuto la mateksilo linali ndi dzina komanso chipinda chake ku Marlboro komweko. Ankhoswe anakhala pansi katatu, osaphula kanthu. A Mainesi sanalire pagulu. Anatsala ndi mwana wawo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya lendi, nabzala mpiru ndi tomato m'zidebe zothyoka zogwirira, ndipo kunena zoona ankaoneka kuti akupuma bwino kuposa kale.

Chimene chinawadzutsa ndi lamulo lija linabwera mu 2015, loti mwana asatuluke m'dziko ndi kholo limodzi popanda chilolezo cholembedwa cha kholo linalo. Anafuna kupita ndi Shalom kumudzi pa Khirisimasi, kuti abale akamuone. Atapita kwa Obert ndi pepala loti asaine, iye anabisa manja kumbuyo.

"Ndikukudziwani anthu a ku Dedza," anatero. "Mumati mwana ndi wa kuchikazi. Mukapita naye, simubwera naye."

Khirisimasi imeneyo anadyera ku Bertrams. Apo ndi pamene a Mainesi anaona kuti mwamunayo m'nyumba anatulukamo, koma mwendo wa mwana anali ataugwirabe. Anaganiza zothetsa ukwatiwo kukhoti.

Loya woyamba anawalozera ndi madamu awo. Ofesi yake inali pamwamba pa nyumba ya magalasi, ndipo pamene iwo ankafotokoza, iye anayang'ana wotchi katatu. Sanabwerereko. Wachiwiri anali wa m'tauni, wa timapepala tija amagawa pokwerera mateksi. Ameneyu asanamve n'komwe nkhani yonse, anamenya tebulo.

"Musadandaule, mama. Ameneyo timumaliza. Tiyamba ndi mapepala ake okhalira muno."

"Munayamba mwamuona Obert?" anafunsa a Mainesi.

"Sindikusowa kumuona."

"Ndi bambo wa mwana wanga ameneyo," anatero, akunyamula chikwama.

Wachitatu anali mayi, dzina lake Benedicta, wa kuno ku Joni, amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsalu. A Mainesi anamufufuza monga amafufuzira munthu woti akhale nkhoswe. Anafunsa kwa amayi amene anathandizidwapo ngati amasunga chinsinsi, ngati amapsa mtima msanga, ngati ali ndi ana. Lachinayi lina, tsiku lawo lopuma, anakakhala pa benchi yodikirirapo masana onse, osalowa, kumangoyang'ana nkhope za anthu otuluka. Anaona mayi wina akutuluka akulira, loyayo atamugwira dzanja mpaka pa masitepe. Anapempha tsiku loti adzaonane naye.

Tsono a Mainesi anachita zimene munthu aliyense wolongosoka wa kwawo akanachita. Nkhani ya ukwati siikambidwa mwini wake wina palibe, ndipo siikambidwa popanda amene anaumanga. Anatumiza uthenga kwa a Aloysius, kwa a Mose, ndi kwa Obert yemwe. Tsikulo Benedicta potsegula chitseko anapeza anthu anayi atandandalika pa benchi: nkhalamba ya jekete ndi ndodo, telala ali ndi tepi yoyezera m'thumba la malaya, mayi wamfupi uja, ndi mwamuna wa tayi atakwinya nkhope.

"Hawu, mama! Onsewa ndi ndani?"

A Aloysius anavula chipewa, nayankha m'Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chifanakalo cha kumgodi. "Ife ndife ankhoswe. Ukwatiwu tinamanga ndife. Uyu ndi mwamuna wake."

Benedicta anagwira pakamwa. Anafotokoza mofatsa kuti iye ndi loya wa munthu mmodzi, kuti zimene a Mainesi amuuze mwamunayo sayenera kuzimva, ndipo kuti sangalangize mbali zonse ziwiri.

"Aikona!" anatero a Aloysius. "Nkhani ya anthu awiri, inu n'kumva mmodzi? Ngakhale kapitawo wa kumgodi ankaitana onse."

"Ndinakuuzani, madala," Obert analowerera. "Andiitanira msampha."

"Msampha munthu amauvalira tayi?" anatero a Mainesi. "Khalani pansi, bambo a Shalom. Yapindikanso tayiyo."

A Mose anaseka mpaka kutsokomola. Benedicta anaitanitsa tiyi wa abambo atatuwo, nawapempha kuti adikire pa benchi pomwepo. Analowetsa a Mainesi okha, n'kutseka chitseko.

"Ndiuzeni, inuyo mukufuna chiyani?"

A Mainesi anacheukira kuchitseko. Pa mikumano yonse itatu ya ankhoswe, iwo ankakhala pamphasa, a Aloysius n'kumawalankhulira. "Anena ndi a Aloysius," anatero.

"A Aloysius sanakwatiwe ndi Obert. Ndikufunsa inu."

A Mainesi anayamba kupinda ndi kupindula lamba wa chikwama. Palibe anali atawafunsapo funso limeneli. Anthu ankawafunsa zimene Obert walakwa, kapena ngati angamukhululukire.

"Sindikufuna kumulanga," anatero potsiriza. "Mwana amudziwe bambo wake, ndipo bamboyo azimuthandiza monga angathere. Koma ndikanyamula mwana wanga, pachipata cha dziko pasapezeke munthu wondifunsa kalata ya mwamuna amene amagona kwina."

Benedicta analemba mawuwo. Anawauza kuti njira zilipo ziwiri. Ina ndi yokalimbana kukhoti, ndipo imatenga nthawi, mwinanso osapeza chimene akufuna. Ina ndi yoti awiriwo agwirizane, asaine, a ofesi yoona za ana aone ngati mgwirizanowo ukukomera mwana, kenaka woweruza autsimikize.

"Koma mwamuna amene anakana pepala limodzi lija sangavomere zimenezi chifukwa ndanena ine," anatero loyayo.

"Chifukwa cha inu ayi," anayankha a Mainesi. "Tatsegulani pang'ono chitsekocho."

Pa benchi paja nkhani inali itayamba kale, tiyi akuzizira.

"Mwanayo ukumufuna?" a Aloysius ankamufunsa Obert. "Mutenge lero. Mayi wa ku Marlboro akamuluke tsitsi, akamuperekeze kusukulu."

"Sindinanene zimenezo, madala."

"Nanga ukukakamira chiyani, mwana kapena cholembera?"

Obert anatembenukira kwa nkhoswe yake kuti imuthandize. A Mose anapukuta magalasi awo, nafunsa mwakachetechete, "Obert, Shalom amavala nsapato nambala yanji?"

Obert anayang'ana pansi. Benedicta anabweza chitseko pang'onopang'ono, nayang'ana a Mainesi monga munthu woona chida chimene sanaphunzire kusukulu.

Komabe sanalole kuti Obert asaine tsiku limenelo, ngakhale a Aloysius anali atatulutsa kale cholembera. Analemba mgwirizanowo, namupatsa kuti apite nawo, akauwerenge yekha, akauonetsenso kwa loya wina wa kumbali yake. Obert anabwera patatha milungu itatu, wopanda tayi. Anapempha kuti awonjezeremo zinthu ziwiri: Shalom asasinthe dzina la bambo wake, ndipo pamene ali ku Joni azikacheza kwa iye Loweruka.

"Dzinalo ndani ankalimbirana nanu?" anatero a Mainesi. "Lembani, mayi."

Kukhoti, m'chaka cha 2016, nkhaniyo inatha msanga kuposa nthawi imene anadikira pakhonde. Woweruza anafunsa mafunso ochepa, natsimikiza kuti a Mainesi angathe kuyenda ndi mwanayo popanda kupempha chilolezo china. A Aloysius sanakhutire. Anati khoti lamasula za khoti, koma zimene anamanga iwo zikadali zomangika. Lamlungu lotsatira anasonkhanitsa onse pabwalo la nyumba ya lendi ija, Obert n'kunena ndi pakamwa pake pamaso pa ankhoswe kuti wawasudzula a Mainesi, ndipo apite kulikonse mwamtendere. Anamwa Fanta ndi mabanzi, a Mose n'kumudandaulira Obert kuti thalauzi lake likufunika kubweza m'chiuno.

Tonse tinkayesa kuti a Mainesi anyamuka mwezi womwewo. Sanatero. Chikalata cha khoti anachikulunga m'pulasitiki, n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo anakhalanso ku Bertrams chaka china chathunthu. Ankakwera mateksi awo awiri m'mawa popita kuntchito, Loweruka n'kumuveka Shalom diresi yabwino kuti bambo ake adzamutenge. Wina akawafunsa kuti nanga ulendo uja, ankati, "Chitseko chikakhala chosakhoma, munthu suthamangira kutuluka." Ananenepako pang'ono chaka chimenecho.

Kenaka azungu okalamba aja anasamukira ku nyumba yosamalira okalamba, ntchito n'kutha. A Mainesi sanafunefune ina. Anagulitsa bedi, nagawa mapoto kwa amayi a mu mpingo. Lachisanu anapita ndi Shalom ku Marlboro kukatsazika, ndipo Obert anawaperekeza mpaka pokwerera mateksi. Iye akuti atafunsa kumene akulowera, anangomuuza kuti mwana adzaimba foni akafika.

Loweruka m'mawa anatuluka pageti ndi masutikesi awiri, Shalom ali patsogolo ndi kachikwama ka kusukulu. Mayi wa chipinda choyandikana nawo, amene ankachapa pampopi, anaimirira manja ali thovu.

"Ndiye ndi ku Dedza, asisi?"

"Mabasi alipo ambiri," anatero a Mainesi, akuseka. "Tikaona amene ali ndi malo a pawindo."

Ena amati anapita kumudzi. Ena amati ali ku Cape Town kwa msuweni wawo, ndipo a Mose anamva za ku Botswana. Chimene mayi wochapa uja anaona n'choti pakona ya msewu a Mainesi anakweza chala, teksi ya m'tauni inaima, anakweza mwana poyamba, kenaka masutikesi, iwo n'kulowa pomaliza ndi kudzitsekera okha chitseko.