Tsiku limene ulemu unalephera intaviyu

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza Esinati, mwana wa mlongo wanga, ku intaviyu ku Limbe, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Esinati amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndi wa sizoni, ndiye mvula ikangosiya, masamba n'kuchepa, akapitawo amamuuza kuti akayambe wapuma kunyumba, ngati kuti mimba nayonso imapuma. Chaka chino kwangomutsalira masabata ochepa. Choncho atamva kuti malo odyera aja a nkhuku ndi tchipisi, amene ali ndi nthambi m'tauni iliyonse, akufuna operekera zakudya, anafukula satifiketi yake ya Fomu 4, n'kubwereka nsapato kwa mnzake.

Intaviyuyo inkachitikira pa tebulo la pakona, m'malo odyera momwemo. Ine ndinagula chakumwa n'kukhala chapafupi, makutu ali tcheru. Musandiseke, umalume ndi ntchito.

Atamuitana, mwanayo anachita zimene aliyense woleredwa bwino kwathu kuno angachite. Anagwada pamaso pa manijala, n'kupereka mapepala ake ndi manja awiri, maso ali pansi.

Manijalayo, kamnyamata kokhwimitsa tayi ngati kakupita ku ukwati, anayang'ana mnzake wa ntchito amene anakhala pambali pake n'kuseka.

"Sisi, dzukani, kuno si ku tchalitchi. Ndiyang'aneni m'maso. Why should we hire you? Muli ndi chiyani choposa anzanu ali panjawo?"

"Aa, bwana, ine sindingawapose anzanga," anatero Esinati. "Koma mukandipatsa mpata ndiyesetsa."

"Mungoyesetsa basi?"

"Eya, bwana. Mulungu akalola."

Intaviyu inathera pomwepo. Tikutuluka ndinamumva manijalayo akuuza mnzake uja kuti, "Alibe confidence. Akumudzi awa amaopa anthu."

Amaopa anthu? Mtsikana amene amalowa m'munda wa tiyi mame ali thoo, dengu kumsana, mvula ikumukhuthukira tsiku lonse, lero akaope munthu wodzagula ntchafu ya nkhuku? Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya.

Tandiuzani, abale anga, ntchito imene ankaifunayo ndi yotani? Si kulandira alendo ndi kuwapatsa chakudya? Ndani mwa inu sanaponyeredwepo tchipisi pa kauntala ndi munthu amene maso ake ali pa foni, moni wako n'kuuyankha ndi nsidze? Tsiku ndi tsiku timadandaula kuti m'malo odyera mulibe ulemu. Ulemuwo unadzuka m'mamawa, unakwera minibasi kuchokera ku Thyolo, ndipo anaubwezera pakhomo.

Mafunso amenewa anawakonza anthu akutali, kumene kudzitama kumawerengedwa ngati luso. Kwathu kuno mwana akanena kuti iye ndi woposa anzake timamudzudzula kuti ndi wamatama. Tamulera choncho zaka makumi awiri, kenako tikufuna kuti pa mphindi zochepa adzichemerere yekha ngati wandale pa msonkhano.

Ena mundiuza kuti kwa eni kulibe mkuwe, wofuna ntchito atsatire za eni malo. Chabwino. Koma eni akewo ndani? Ku Limbe ndi kunja? Manijala uja kalankhulidwe kake ndinakamva bwinobwino, Chilomwe chili pa lilime, ndi wa kwathu konkuno. Sindikukayika kuti akafika kwa apongozi ake amagwada mpaka thalauza kuda m'mabondo. Ankadziwa tanthauzo la zimene Esinati anachita. Anangosankha kuseka.

Sindikunena kuti atsikana azikwawa pogulitsa nkhuku, ayi. Kumuphunzitsa munthu kuimirira ndi kumwetulira kasitomala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma kumuphunzitsa wamwano kulemekeza anthu, kayeseni muone ngati simumera imvi.

Dzulo ndinakacheza kwa mlongo wanga. Esinati wamva kuti nthambi ina ikulembanso anthu, ndiye wayamba kuyeserera. Anandibweretsera madzi akumwa ali chiimire, akundiyang'ana m'maso.

Mayi ake anamuona ali pakhonde.

"Iwe, amalume ako ukuwatong'olera maso choncho? Ku Limbe kwa tsiku limodzi komweko wabwerako ndi mwano?"

Mwanayo anaima, kapu ili m'manja, bondo litapindika pang'ono, osadziwa ngati atsike kapena aongoke. Kenako anandifunsa chapansipansi.

"Amalume, ndiye ndimvere ndani?"

Ndinalandira madziwo n'kumwa. Inu amene mumalemba anthu ntchito, muyankheni ndinu, ndipo mufulumire, chifukwa masamba ayamba kale kuchepa.