Mzere Unaima, Ine Ndinatseka Pakamwa

Ndikuvomera pamaso panu, inu owerenga, kuti ndinachotsetsa ntchito munthu wosalakwa. Sindinamunenere bodza ndi pakamwa ayi. Ndinangokhala chete pomwe ndinayenera kunena kuti wolakwa ndine, ndipo chete ameneyo wandidya mpaka lero pamene mutu uli mbuu ndi imvi.

Zinachitika m'zaka zomalizira za ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndinali nditangomaliza maphunziro a makompyuta, ndikudziona ngati ndamwa nzeru zonse za m'dziko, pomwe ananditumiza ku sikimu ina ya mpunga kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Pamalo pomwe ngalande yaikulu imapatuka mumtsinje, akuluakulu a ntchitoyo anaikapo chida choyezera madzi. Waya wake unkafika m'kaofesi kanga, momwe munali kompyuta yoyendera mabatire a sola. Ntchito yanga inali kulemba pulogalamu yoti iziwerenga muyezo wa madzi nkumajambula mzere woyenda pa sikirini, kuchoka kumanja kupita kumanzere. Madzi akakwera mzere unkayenera kukwera, ine nkutumiza mawu kuti geti la ngalande litsekedwe madzi asanagumule minda.

Amene ankatseka ndi kutsegula getilo anali Che Saidi, mkulu wachisilamu yemwe anagwira ntchitoyo ine ndisanayambe nkomwe sukulu. Anali ndi nsungwi yaitali yochekacheka mizere ndi mpeni. M'mawa ndi masana ankaiviika m'madzi, kenaka nkubwera kudzandiuza kuti lero madzi afika pamzere wakuti. Anali munthu yekhayo amene ankalowa mu ofesi mwanga. Kwathu nkutali, kuchigawo chapakati, ndipo kumeneko ndinalibe mbale ngakhale mnzanga. Alimi ankati ndikafika pagulu nkusintha nkhani, kapena kuyamba kulankhula Chiyao ndi Chilomwe. Mbiri inali itamveka yoti makina angawo amamva zonena za anthu nkumakazitula ku boma, ndiye amayi popita kumunda ankalambalala ofesiyo ngati kumanda.

M'malo mosunga munthu mmodziyo, ndinamuthamangitsa ndi chipongwe. Tsiku lina ndinamuuza ndikuseka kuti, "Che Saidi, nsungwi yanuyo kapangireni mono wa matemba. Kuno kwabwera makina." Sanakwiye. Anangoseka pang'ono nati, "Chabwino bwana, mwaphunzira ndinu." Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyeza, nayamba kudikira mawu ochokera kwa ine. Tinapangananso kuti Lachisanu akamapita ku mzikiti azindisiyira chitsulo chopukusira geti, kuti madzi akakwera ndikatseke ndekha. Lamulo silinkalola kuti chitsulocho chichoke m'manja mwake, choncho panganoli tinkalidziwa awiri basi.

Tsopano mverani pomwe panagona vuto. Pulogalamu yanga inkasunga muyezo uliwonse kuyambira tsiku loyamba. Ikafuna kusuntha mzere, inkafufuta sikirini yonse nkuyambanso kujambula kuchokera pachiyambi penipeni, ndipo inkapita kukawerenga muyezo watsopano pokhapokha itamaliza. Pa nthawi yojambulayo sinkamva kanthu, kaya waya wa kumtsinje kaya mabatani amene ndikudina. Masabata oyamba zonse zinali myaa chifukwa zojambula zinali zochepa. Miyezi itapitapo, sikirini inayamba kuphethira, mzere nkumaima kanthawi usanasunthe. Ndinaona, inu owerenga, sindinganame kuti sindinaone. Ndikanatha kulembera kalata mkulu wanga ku Zomba, koma ndinachita manyazi kuti anena kuti anatuma mbuli. Ndinkangoti ndikonza mawa, kuiwala kuti mawa sadzaza dengu la munthu.

China chomwe sindinachiganizire nchakuti madzi akakhala bata mzere umakhala wowongoka. Mzere wamoyo wa madzi abata ndi mzere wa kompyuta yoti yaima zimaoneka chimodzimodzi. Pa sikirinipo sindinaikepo wotchi kapena kanthu kena kalikonse kosonyeza kuti pulogalamu ikadagwira ntchito.

Tsokalo linagwa Lachisanu lina m'nyengo ya dzinja. Kunyanjako komwe tinali dzuwa linali phwee, koma kuphiri la Zomba kunali bii ndi mitambo. Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti mvula ikagwa kuphiri madzi amafika kumunsi patapita maola, ngakhale kumunsiko kusanadonthe. Ine ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Che Saidi anakoleka chitsulo chija pakhomo nanyamuka. Mbande za alimi zinali zobiriwira m'manazale, zongodikira kuwokera sabata yotsatira. Ndinakhala pampando ndikukukuta chimanga chootcha, nthawi ndi nthawi nkumasuzumira mzere wanga wowongoka, mtima uli m'malo.

Dzuwa litapendeka ndinamva amayi akukuwa kumunsi kwa ngalande. Ndinadina batani, zii. Ndinadina lina, zii. Kompyuta inali itaima kuyambira m'mawa, ine ndikulondera chithunzi chakufa. Ndili mkati momenya mabatani ngati wamisala, Che Saidi analowa ali wefuwefu, mkanjo wake woyera uli matope okhaokha. Anandiyang'ana ine, nayang'ana sikirini, natenga chitsulo nathamanga nacho. Anatseka geti, koma m'mbuyo mwa alendo. Khoma la ngalande linali litagumuka kale, ndipo mbande zonse za mbali ya kumunsi zinakwiririka ndi mchenga. Ndinaona mayi wina akufukula matope ndi manja, akutola timbande tothyokathyoka nkumaika m'chitenje.

Patapita masiku awiri kunabwera akuluakulu a ntchitoyo pamodzi ndi tcheyamani wa chipani wa m'deralo. Ana a masiku ano simungamvetse mantha a nthawi imeneyo. Kuononga ntchito ya chitukuko ankatha kukutcha kuukira boma, ndipo munthu akatengedwa, abale ankavutika kudziwa komwe ali. Kompyuta ndinali nditaizimitsa nkuiyatsanso, nditachotsamo miyezo yakale, ndiye mzere unkayenda bwinobwino. Atandifunsa ngati makina ankagwira ntchito, ndinangoloza sikirini ndi chala. Anagwedeza mitu natembenukira kwa Che Saidi. Anamufunsa komwe anali, iye nati ku mzikiti. Anamufunsa chifukwa chomwe anasiyira geti popanda munthu. Ine ndinangodikira kuti atchule pangano lathu lija. Iye anayang'ana pansi nati, "Kulakwa nkwanga, mabwana."

Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, pamaso pa alimi amene ankamutukwana kuti waika mapemphero ake a swala patsogolo pa mpunga wa anthu. Anakankha njinga yake napita. Ine ndinaima pakhonde, osatulutsa ngakhale liwu limodzi.

Chomwe chimandipweteka kwambiri nchakuti kukonza pulogalamuyo kunanditengera masiku awiri okha. Ndinaiuza kuti izisunga pafupi miyezo yokhayo yokwana pa sikirini, yakale izipita kwina. Ndinaiuza kuti iziyamba yawerenga madzi, kenaka isunthe mzere pang'ono nkujambula kadontho katsopano kokha, ndipo isanabwerezenso izimvetsera mabatani. Pakona ndinaikapo kawotchi koyenda, kuti kakaima ndidziwe kuti zinthu zavuta. Sinaimenso mpaka ndinachoka. Koma ndinalibe womuonetsa. Mlonda watsopano wa geti sankalowa mu ofesi, alimi sankandiyankha moni ndi mtima wonse, ndipo masiku ambiri ankatha ndisanalankhule ndi munthu. Ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo ndinkadziwa kuti ndadzipalira ndekha.

Zinthu zitasintha m'dziko, mantha atatha, ndinazengerezabe zaka zingapo. Pomaliza ndinakwera basi kukafunafuna Che Saidi. Pamsika wa Songani anandiuza kuti ankagulitsapo nsomba zouma, nandilozera kumudzi kwawo. Ndinapeza mwana wake wamkazi akupeta mpunga pakhonde. Anandiyalira mphasa, nandiuza kuti bambo ake anamwalira chaka chapitacho. Nditadzitchula kuti ndine ndani nkuyamba kufotokoza, anandidula mwaulemu.

"Tikudziwa, bambo. Ababa ankati makina aja anagona tsiku limene lija, anaona okha ndi maso. Ife tinawakalipira kuti bwanji simunanene. Iwo anati, mnyamata uja alibe mbale kuno. Akanamutenga, akanamulondola ndani? Ine ndakalamba, angondichotsa ntchito basi."

Ndinalira ngati mwana pamphasa ya eni, mayiyo nkumanditonthoza ine, munthu amene ndinachititsa manyazi bambo ake.

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mukulemba mapulogalamu lero, musalole makina anu kutanganidwa ndi kujambula mpaka kuleka kumva zomwe zikuchitika kunja. Ikanipo chizindikiro choti mudziwe ngati aima, ndipo mukaona kachilema kakang'ono funsani anzanu msanga, manyazi asakupheni. Musanyoze munthu amene anaidziwa ntchitoyo inu musanabwere. Koposa zonse, ngati wina akusenza mlandu wanu, tsegulani pakamwa tsiku lomwelo. Ine ndinadikira kuti ndiyambe ndalimba mtima, ndipo nditalimba mtima ndinapeza womupepesa ali m'manda, anthu a kumudzi kwake akumukumbukirabe ngati mkulu amene anamiza mpunga wawo.