Mayi Nsimbi, Amene Ankasita Atakhala Pansi

Ambiri mu parishi muno sankadziwa n'komwe dzina la ubatizo la mayiwa. Ankangoti Mayi Nsimbi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi nsalu iliyonse yoyalidwa pa guwa inkayamba yadutsa pansi pa nsimbi yawo.

Anabadwa achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo, omwe ankakonza njanji, atafa ziwalo mbali imodzi, mwana amene anasiyitsidwa sukulu kuti aziwadyetsa ndi kuwachapira anali iwowa, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Buku lokhalo limene anapitiriza kuwerenga linali la mapemphero. Atakula analembedwa ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe nthunzi inkachita kudontha kuchokera kudenga. Anakwatiwa, nabereka mwana mmodzi wamwamuna. Tsiku lina mwamuna wawo analongedza malaya ake onse ositasita, n'kupita osabweranso. Iwo sanamunenerepo choipa. Munthu akawafunsa ankangoti, "Koma anapita waukhondo."

Mwanayo anamulera okha mpaka anapeza ntchito ya muofesi n'kukwatira. Loweruka lililonse akaweruka ku hotela ankapita kutchalitchi, n'kutsegula kachipinda ka zovala za ansembe ndi kiyi amene ankamupachika m'khosi pamodzi ndi kolona. Ankasita mpaka dzuwa kupendeka, akung'ung'udza nyimbo imodzimodzi, ndipo palibe anawamvapo akupempha wowathandiza.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anadwala matenda a kachilombo aja amene anatseketsa masukulu ndi matchalitchi. Anagona m'chipatala masabata awiri natuluka, anthu n'kuyamika Mulungu. Koma thupi lomwe anabwerera nalo kunyumba silinali lawo lakale. Akangoimirira, mtima unkathamanga ngati akuthawa galu. Akasesa chipinda chimodzi, mawa lake ankalephera ngakhale kunyamula kapu. Mawu ankawathawa pakati pa pemphero limene ankalidziwa chiyambire ubwana. Ku hotela anawapirira miyezi itatu, kenako anawauza kuti akapume. Anasamukira kwa mwana wawo.

Amene anawamvetsa anali namwino wina wa pachipatala chaching'ono. Anawafotokozera kuti matendawa ena amawasiyira zotsalira, ndipo kudzikakamiza kumangowonjezera. Anawapezera kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi, ndi wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, n'kuitchera kuti izinjenjemera mtima ukafika 110. Ikanjenjemera, asiye chilichonse, akhale pansi, amwe madzi. Mayi Nsimbi anamvera ngati ndi lamulo la Mpingo. Anagula kope lolembamo zimene achita ndi mmene adzukira mawa lake. Anafupikitsa miyendo ya tebulo lositira kuti azisita atakhala, nsalu imodzi, kupuma, inanso. Ntchito ya maola awiri inkatenga tsiku lathunthu, koma Lamlungu guwa linkawala monga kale.

Mwana wawo analumikiza wotchiyo ku foni yake, akuti aziwayang'anira ali kuntchito. Mavuto anayambira pomwepo. Mpongozi wawo anazolowera kuwerenga manambala mokweza anthu akudya.

"Mpweya 97. Apongozi, ine wanga ndi 96. Ndiye wodwala ndani pano?"

Mwanayo ankaseka. Iwo ankayesa kufotokoza zimene namwino ananena, zoti kachipangizoko sikayeza kutopa, koma mawu ankawathawa, ndipo ankangoweramira mbale. Kenaka mwanayo anaona pafoni kuti masiku ena amayi ake amayenda mapazi mazana asanu okha, koma Loweruka amapitirira zikwi ziwiri. Sanafune kuona kuti Lachinayi ndi Lachisanu ankagona dala posungira Loweruka mphamvu, kapena kuti Lolemba ankakhala ngati mtembo.

"Amayi, za ansembe mphamvu zilipo, koma za m'nyumba muno ndiye mtima? Malaya anga ndikusita ndekha, ine mwana wa Mayi Nsimbi."

Kuyambira sabata imeneyo ankapeza mulu wa zovala pakhomo pa chipinda chawo. Ankazisita, wotchi ikunjenjemera pamkono.

Kutchalitchi nakonso sikunali kothawira. Pa Misa anthu akaimirira kuti amve Uthenga Wabwino, iwo nthawi zina ankakhala pansi, ndipo maso onse ankawatembenukira. Amayi apampando a bungwe la amayi anayamba kunena kuti pali ena amene akumvera wotchi kuposa Mulungu. Pa msonkhano wina, pamaso pa amayi oposa makumi anayi, anawaimiritsa, nawathokoza ndi mawu okoma kwa nthawi yaitali iwo ali chiimire, kenako anatambasula dzanja kuti apereke kiyi. Anati Ambuye sayenera kutumikiridwa ndi munthu wokhala pansi ngati bwana. Amayi ena anaombera m'manja. Mayi Nsimbi anavula kiyi m'khosi, namupereka ndi manja awiri. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti nsalu ya zingwe zagolide aziisita chakumbuyo, pamoto wochepa. Sabata yachitatu nsaluyo inapsa.

Pasanathe mwezi mwana wawo anawavula wotchi ija. Anati ndi imene ikuwadwalitsa, chifukwa munthu akamangoyang'ana mtima wake amadzipangira matenda. Mawa lake inali pamkono pa mpongozi, amene anali atayamba kuthamanga m'mawa kuti achepetse thupi. Mayi Nsimbi anasamutsidwira m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa khitchini, pakati pa njinga yakufa ndi makatoni, poti chipinda chawo chinkafunika alendo.

Zinawapweteka, ndipo kwa ansembe okha anaulula kuti masiku ena ankalephera kutchula dzina la mwana wawo m'pemphero. Koma sanasiye kudzisamala. Anaphunzira kugwira mtsempha wa pakhosi ndi zala ziwiri akunena Tikuoneni Maria mumtima, n'kudziwa kuti kugunda kukachuluka pemphero lisanathe, nthawi yokhala pansi yakwana. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Kumeneko anthu ena anayamba kuwapeza Misa ikatha: dalaivala wa basi amene ankachita chizungulire, mphunzitsi wamkazi amene ankaiwala mayina a ana a m'kalasi mwake, ndi ena angapo amene kunyumba kwawo ankatchedwa alesi. Ankawaonetsa kalembedwe ka kope, kuwaphunzitsa kugawa ntchito, ndi kuwatumiza kwa namwino uja. Dalaivalayo akukumbukira kuti tsiku loyamba analira, akuti akuchita manyazi kukhala pansi mkazi wake akutunga madzi. Iwo anamuuza kuti, "Bambo, khalani. Mulungu amakuonani ngakhale muli chogona."

Anakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chomaliza sankathanso kufika kutchalitchi, ndipo ansembe ankawabweretsera Ukaristia m'kachipinda kaja, ataima chowerama chifukwa munalibe malo a mpando. Lachitatu lina masana, atalandira masakramenti, anapempha kuti chitseko chisiyidwe chotsegula kuti mulowe kuwala. Anauza ansembe kuti mwana wawo asamudzudzule, chifukwa anamulera okha ndipo mwina pali zina zimene anaiwala kumuphunzitsa. Anapinda manja pachifuwa, nagona, osadzukanso.

Anatisiyira chitsanzo cha kutumikira ndi mphamvu zimene munthu ali nazo, zochepa kapena zambiri, ndi kusabwezera. Anthu a pa benchi yakumbuyo akukumanabe, ndipo tsopano alipo khumi ndi mmodzi.

Pa Misa ya maliro tchalitchi chinadzaza. Amayi apampando anayankhula, nati malemuwa anali mzati wa bungwe. Pomaliza anaimirira mwana wawo, maso ali ofiira, nathokoza onse amene anabwera. Anati banja lonse ladzidzimuka kwambiri, chifukwa amayi sanadwale n'komwe.