Mwana wa pa paketi ya phala

Ndinayamba kugaya ufa wa phala chifukwa cha mantha. Mwana wanga woyamba atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, chilichonse cholowa m'kamwa mwake ndinkachiyang'ana ngati mdani. Chimanga, soya ndi mtedza ndinkasankha ndekha kwa alimi obwera pa njinga kuchokera kumidzi, n'kukazinga, kukagayitsa, kusefa kawiri. Amayi anzanga a ku Sanjala, dera lathu kuno ku Lichinga, ataona masaya a mwanayo anayamba kundipempha pang'ono, kenako anayamba kugula. Setifiketi yanga ya zaulimi, yomwe inagona m'sutikesi zaka ziwiri, inayamba kuoneka kuti ili ndi ntchito.

Mwini loja ina ya m'tauni, sitolo ya zakudya, anavomera kugulitsa ufawo, koma anakana timatumba tanga tomanga mfundo. Ankafuna mapaketi osindikizidwa, okhala ndi chithunzi. Anati andisungira malo pa shelefu mpaka kutha kwa Juni, ndipo ndikachedwa apatsa wina.

Umu ndi mmene ndinakhalira bwana wa anthu awiri amene sindinawaonepo. Wina anali mayi wa ku Songea, ku Tanzania, wosindikiza mapaketi, ndipo tinkamvana m'Chiyao changa chothyokathyoka. Winayo anali bambo wojambula zithunzi wa ku Zomba, ku Malawi, amene mnzanga wa kukwaya anandipatsa nambala yawo. Sanali antchito anga ayi. Aliyense anali ndi makasitomala ake ndi nthawi yake, ine ndinali mmodzi chabe pamzere. Komabe mwamuna wanga, yemwe ndi mphunzitsi, akamabwera ku sukulu ankandiwombera m'manja pakhomo n'kumanditchula patroa, bwana wamkazi wa maiko atatu, ine ndili ndi thewera paphewa.

Tsiku loyamba kuyankhula ndi bambo wa ku Zomba ndinamva mawu okha n'kudziwa kuti ndi msinkhu wa bambo anga ondibereka. Anayamba ndi kufunsa za mwana, za abambo ake, za kuzizira kwa kuno komwe amakumva mbiri. Ndivomereze chinthu chimene sindinauzepo munthu: titafika pakati pa nkhani ndinapezeka nditagwada pa simenti ya kukhitchini, foni ili kukhutu. Palibe ankandiona. Maondo anangochita zimene anaphunzitsidwa. Atandifunsa chimene ndikufuna pa paketi, ndinati mayi, mwana ndi mbale ya phala, zinazo akudziwa ndi iwowo.

Patatha masiku anayi chithunzi chinafika. Chinali chokongola moti ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mayi wovala kapulana yobiriwira, chitenje chathu cha kuno, nkhope yake ngati ndimamudziwa. Koma m'manja mwake munali khanda lofiira lokulungidwa m'nsalu, maso ali tseke, la sabata ziwiri mwina, ndipo supuni ya phala inali pafupi ndi kamwa lake.

Amayi ambiri amene amagula ufa wanga sawerenga zolembedwa pa paketi, amawerenga chithunzi. Ndinaona m'maganizo mtsikana wina wa ku Namacula akumwetsa phala khanda lomwe liyenera kuyamwa bere lokha, chifukwa paketi yanga yamuuza choncho. Ndinatenga foni n'kulemba kuti: zikomo kwambiri abambo, ndi chokongola zedi.

Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti walakwitsa. Amazungulira, amaponya mawu pambali, wamkuluyo n'kutola yekha. Ndiye ndinayamba kuzungulira. Ndinatumiza chithunzi cha mwana wanga atakhala yekha pa mphasa. Abambo aja anayankha kuti Mulungu amudalitse, akule ndi nzeru. Mawa lake ndinatumiza china, atavala chipewa chake cha ubweya chachikasu, akuseka, mano awiri ali poyera, ndipo pansi ndinalemba kuti ameneyu ndiye amadya phalali. Ndinati apa ndiye amva basi.

Madzulo chithunzi chatsopano chinabwera. Khanda lomwe lija, maso ali tseke, supuni ili pomwe paja, koma tsopano litavala chipewa chachikasu.

Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha. Mayi wa ku Songea analibe mwambo wozungulira. M'mawa uliwonse ankatumiza uthenga wa mawu ochepa wonena kuti chithunzi chifike Lachisanu, apo ayi makina alowa mapaketi a khofi a munthu wina ndipo ine ndidikira sabata zitatu. Sabata zitatu zinali kuseri kwa Juni.

Lachitatu kunabwera mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga, yemwe ndi namwino ndipo amakhala ku Chiuaula. Chifunga chitangochoka, tinakhala padzuwa kuseri kwa nyumba titavala majuzi. Ndinamuonetsa chithunzi ndikuyembekeza kuti mwina sachiona chimene ine ndinkaona. Anachikulitsa ndi zala, n'kundiyang'ana.

"Mlamu, iwe ukufuna kundichulukitsira ntchito kuchipatala eti? Kamwana aka nchombo sinagwe n'komwe."

Ndinamufotokozera zonse, za mphasa, za mano, za chipewa. Za kugwada ndinabisa. Anaseka mpaka kutsokomola, mwana wanga naye n'kuyamba kuseka osadziwa nkhani. Kenako anandifunsa ngati ndikalemba munthu waganyu wa imvi kumunda, iye n'kuyamba kuzula nyemba poganiza kuti ndi udzu, ndimamutumizira zithunzi za nyemba. Ndinati ayi, koma uyu ndi wosiyana, ndi munthu wophunzira, waluso, ndingamukhumudwitse n'kusiya ntchito pakati, ndipo wina ndimupeza kuti masiku awiri okha. Mlamu anati munthu ali kutsidya kwa malire sangamve mawu oponyedwa pambali, chifukwa mbali yake ndi yanga si imodzi. Analanda foni, n'kuimba pa vidiyo, n'kundibwezera ikulira, iye n'kunyamula mwana.

Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo. Imvi, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, kumbuyo kwawo mapepala ali mbwee pakhoma. Ndinawapatsa moni wautali kuposa masiku onse, kufunsa mpaka za mvula yomwe kunalibe, mlamu akunditsina pamsana. Kenako ndinatseka maso n'kunena.

"Abambo, pepani, mundikhululukire. Mwana mwajambulayu ndi wamng'ono kwambiri. Phalali ndi la ana amene akwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, okhala okha. Ndinayenera kukuuzani tsiku loyamba lomwe."

Abambo aja anavula magalasi n'kuyamba kuseka.

"Ndiye chipewa chija sindicho munkafuna? Ine ndinati mayiyu akudandaula kuti mwana ndajambulayu azizidwa ku Lichinga. Mwana wanga, kasitomala amene amandiopsa ndi wonena kuti zili bwino. Wokalipa sandisowetsa tulo. Tandionetseni bwana weniweniyo."

Mlamu anakhazika mwana pa mphasa patsogolo pa foni. Abambo aja anatenga pensulo pomwepo. Ankamuyankhula ngati mdzukulu wawo, kumuimbira mluzu, kumuuza kuti akhale bwino ngati munthu wa pa ndalama. Mwanayo ankalimbana kuti agwire foni aidye. Anatifunsa mafunso amene ine ndinayenera kuyankha ndisanafunsidwe: mwana akhale pansi kapena pamwendo, supuni agwire ndani, mawu a miyezi akhale pati ndipo akule bwanji, a Chipwitikizi atsogole kapena a Chinyanja. Mlamu ankayankha za chipatala, ine za paketi, ndipo ndinadabwa kumva pakamwa panga pakutuluka ayi kawiri konse, thambo osagwa.

Lachinayi masana chithunzi chinafika. Mwana wakhala tsonga pamwendo pa mayi ake, mano awiri, chipewa chachikasu, dzanja likulimbirana supuni. Ndinachitumiza ku Songea nthawi yomweyo. Mayi uja anayankha ndi mawu amodzi a Chiyao otanthauza kuti chabwino, ndipo kwa iye imeneyo inali nthungululu.

Mapaketi anafika pa basi kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe. Kuyambira pamenepo, aliyense amene ndamupatsa ntchito ali kutali ndimamulembera zonse papepala, chimodzichimodzi, ngakhale zooneka zachibwana. Moni ndimaperekabe wautali, umenewo sindingausiye. Abambo a ku Zomba anandijambuliranso paketi ya ufa wa nyemba, ndipo akatumiza ntchito amafunsa kuti zili bwino zenizeni kapena zili bwino za chipewa.

Tsiku loyamba ufa uli pa shelefu ndinapita ku loja ndi mwana kumbuyo, ati kukagula sopo. Nditawerama kuti ndiyang'anitsitse, kadzanja kanatulukira paphewa panga n'kukoka paketi imodzi, ngodya yake n'kulowa m'kamwa. Mwini loja anati yanyowa imeneyo, sangagulitsenso. Ndinaigula ndekha, ndipo ili m'sutikesi muja, pamwamba pa setifiketi.