Mkazi Wolembedwa pa Nambala ya Mwamuna Wake

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pa khonde la tchalitchi. Dziko litangolandira ufulu, akalaliki achizungu ankapakira katundu wawo, ndipo a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, anauza sisitala wamkulu wa chipatala china cha mgodi ku Kitwe kuti akudziwa munthu wa ku Katete wolemba zilembo zoongoka. Kalata yondilemba ntchito ndikadali nayo.

Anandiika pa makhadi a odwala khansa. Dokotala akadula kachidutswa ka chotupa, tinkakaika m'kabotolo ka mankhwala, n'kukatumiza ku labotale ya ku Ndola. Yankho likabwera ndinkalemba pa khadi mtundu wa khansa, malo ake m'thupi ndi zaka za wodwala. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mkazi analibe khadi lakelake. Ankalembedwa pa nambala ya mgodi ya mwamuna wake, ngati fosholo ya kampani.

Tsiku lina kunabwera yankho la mayi wina: khansa ya khomo la chiberekero, yongoyamba kumene, yoti opaleshoni ikanatha kuichotsa. Ku ofesi ya nyumba za kampani anandiuza kuti mwini nambalayo, a Banda, anafera pansi mu mgodi, ndipo banja lawo linatulutsidwa m'nyumba ya kampani, mwina lili ku komboni ya Ipusukilo. Sisitala anati, “Lembani kuti sanapezeke, mutseke khadi.”

Sindinatseke. Ndinakwera njinga mpaka ku Ipusukilo. Nditafunsa za mkazi wa a Banda, mayi wogulitsa makala anandiseka: “Baba, a Banda ake ati? Kuno a Banda achuluka kuposa nkhuku.” Anandikumbutsa kuti mayi sadziwika ndi dzina la mwamuna, amadziwika ndi la mwana wake woyamba. Pa khadi panali mayina a ana, woyamba anali Tisa. Nditangoti “amake Tisa”, wina anayankha m'Chibemba kuti bana Tisa ali kuseri kwa mpope.

Ndinawapeza akumanga mitolo, alamu awo atabwera kudzawatenga kupita ku Petauke m'mawa mwake. Amake Tisa anandiuza kuti kampani inawathamangitsa kale, ndiye akafunenso chiyani ku chipatala chake. Ndinati, “Amayi, matendawa akadali oti n'kuchotsedwa. Mukakwera basi mawa, kumudzi kulibe amene akawachotse.” Alamuwo anang'ung'udza, koma mayiyo anamasula mtolo umodzi n'kutulutsa nsapato.

Atawachita opaleshoni, anachira. Kwa zaka zambiri ndinkagula tomato pa benchi lawo ku msika. Sisitala anadzavomera kuti mkazi aliyense akhale ndi khadi lake, lolembedwa dzina lake, la mwana wake woyamba, mudzi ndi mpingo.

Masiku ano ndikamva akuluakulu pa wailesi akudandaula kuti sitidziwa kuchuluka kwa odwala khansa m'dziko muno, ndimawayankha ndili pa mpando wanga: munthu amene simunamufunse dzina limene anansi ake amamuitanira, simungamuwerenge, ndipo yankho likabwera simungamupeze.